Mawu otsegulira msonkhano wa za mankhwala ochokera ku chamba, Area 11, Lilongwe



Mu 2015, a Boniface Kadzamira, omwe anali phungu wa Ntchisi North, atapempha Nyumba ya Malamulo kuti dziko lino lizilima chamba, aphungu anzawo anaseka. Mu February 2020, nyumba yomweyo inavomereza lamulo lolola chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale. Ndiye lero tasonkhana kuno ku Area 11 kukambirana za chamba masana, apolisi ali pakhomo kutiteteza.

M'chamba muli zinthu ziwiri zomwe tisamazisokoneze: THC, amene amaledzeretsa, ndi cannabidiol, kapena kuti CBD. Thupi lathu limapanga lokha timadzi tofanana ndi ta m'chamba, monga anandamide, tothandiza kuwongolera ululu, tulo ndi chilakolako cha chakudya. Timadziti tili ndi timakomo take muubongo totchedwa CB1. THC amalowa pamakomowa mwamphamvu, mutu n'kuzungulira. CBD sakwanapo bwino, n'chifukwa chake saledzeretsa. Iye amadzera njira zina, n'kukhazika pansi mitsempha ya muubongo ikatekeseka. Ichi n'chomwe chinachititsa kuti mu 2018 dziko la America livomereze mankhwala a CBD otchedwa Epidiolex, othandiza ana odwala mitundu iwiri yovuta ya khunyu.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. CBD amagayidwa m'chiwindi, momwenso mumadutsa mankhwala ena ambiri. Akakumana ndi warfarin kapena mankhwala ena a khunyu, amasintha mphamvu yawo m'magazi. Amatha kudzetsa tulo, kutsegula m'mimba, ngakhale kuvulaza chiwindi muyezo ukapyola. Mayi woyembekezera asayerekeze. Amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a BP asawasiye chifukwa cha kabotolo ka mafuta kogula pa WhatsApp. Ayambe wafunsa adokotala.

Pempho langa ndi ili. Kumunda tayesa kale, ku Chitedze mbewu inamera bwino. Tsopano tilimbe pa kuyeza. Botolo lililonse lopangidwa m'Malawi lidutse ku labotale, lilembedwe muyezo weniweni wa CBD ndi THC, ndipo wolitcha mankhwala aonekere ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Tikatero, mlimi adzapeza msika, wodwala adzamwa chodziwika.

Ndi mawu amenewa, msonkhano uno ndautsegulira.