Phanga la Leopard's Hill

Omvera ambiri a mu Lusaka adziwa mseu wa Leopard's Hill cifukwa ca manda ali m'mbali mwace, koma ndi owerengeka amene anautsata pa galimoto kufikira kuphanga la dzina lomwelo, m'dziko la Asoli, m'boma la Chongwe.

Aulendo akafika, wowatsogolera ayamba wawaimika pakhomo nawaletsa kutola kanthu. Ena ang'ung'udza, poti aona miyala yokhayokha. Komatu pansi pomwepo anthu ophunzira anakumba napeza timiyala takuthwa tosemedwa ndi manja, tina ta zaka zoposa 20,000. Alenje akalewo, citsulo cisanadziwike, ankatimatira kumitengo kuti tikhale nsonga za mivi ndi mipeni. Zaka za kamwala kotere zidziwika ndi dothi ndi makala amene kagonamo. Munthu akakaika m'thumba, katsala kamwala cabe, ndipo mbiri yace yatayika osabwereranso. Ndico cifukwa cace boma lisunga phangali ndi lamulo.

M'kati muli mdima wa ndiwe yani, ndi fungo la zitosi za mileme imene ilendewera kudenga. Mu 2014 akatswiri a ku Japan ndi a ku University of Zambia analengeza kuti anapeza kacirombo katsopano m'mileme ya m'menemo, nakacha dzina la phangalo; mbewa zimene anaziyesera zinadwala koopsa. Tsono wotsogolera akanena kuti mileme isagwidwe ndi kuti manja asambidwe potuluka, aulendo anzeru amvera osatsutsa.