MKANGANO UBADWA PA KUTENGERANA: PHUNZIRO LA M'ZOLEMBA ZA SHAKESPEARE

Nkhani ya lero iri pa funso lakale: kodi n'cifukwa ninji anthu amene anali kudyera m'mbale imodzi amafika potulutsirana mipeni? Ambiri amayankha kuti anthu amadana cifukwa cosiyana mtundu kapena cinenero. Koma zolemba za William Shakespeare, mlembi wa ku England amene anabadwa m'caka ca 1564 namwalira mu 1616, zionetsa kuti kawiri-kawiri mkangano woopsa ubuka pakati pa anthu oyandikana, amene akhumba cinthu cimodzi cifukwa ca kutengerana.

MUNTHU NDI WOTSANZIRA

Kale ku Greece, Aristotle, amene anamwalira m'caka ca 322 Kristu asanabadwe, anaphunzitsa kuti munthu aposa zamoyo zonse pa kutsanzira, ndi kuti mwana aphunzira zinthu zace zoyamba poonera ena. Sewero nalo, anatero iye, ndi kutsanzira zocita za anthu. Patapita zaka zoposa 2,000, René Girard wa ku France, amene anabadwa mu 1923 namwalira mu 2015, anaonjezapo mfundo yina. Iye anati munthu atsanzira ngakhale cikhumbo ceni-ceni ca mnzace.

Amai onse adziwa zimenezi. Galimoto ya mawaya ikhoza kugona pa bwalo tsiku lonse ana osailabadira, koma mwana mmodzi akangoitola, onse ayamba kuilirira. Akulu nao acita cimodzi-modzi. Ngati cinthuco ncosagawika, monga mkazi, mpando kapena ulemu, amene anali citsanzo asanduka mdani. Ndipo mkangano ukalowa m'khamu, anthu afuna-funa munthu mmodzi woti amsenzetse tsoka lonse. Girard anayesa mfundo zimenezi pa zolemba za Shakespeare m'buku lace la A Theatre of Envy, limene linasindikizidwa m'Cingelezi mu 1991.

MWAMUNA WOTAMA MKAZI WACE

Citsanzo coyamba ndi ndakatulo yaitali ya The Rape of Lucrece, ya m'caka ca 1594. Nkhani yace ndi ya mu mzinda wa Rome m'masiku a mafumu. Asilikari ali ku misasa ya nkhondo, Collatine anayamba kutama mkazi wace Lucrece pamaso pa anzace, nanena za kukongola ndi kukhulupirika kwace. Ndakatulo iyamba moto wa cilakolako utayaka kale mumtima mwa Tarquin, mwana wa mfumu, ndipo mlembi aloza cala pa mau a mwamuna uja kuti ndiwo anausonkha. Tarquin anapita ku nyumba ya mnzace, analandiridwa monga mlendo, ndipo usiku anamgwirira maiyo. Lucrece anaulula zonse kwa mwamuna wace ndi atate wace, kenaka anadzipha.

Mtembo wace anauonetsa kwa anthu a mu Rome, ndipo Lucius Junius Brutus anatsogolera anthu kupitikitsa banja lacifumu. Mbiri ya Aroma iika zimenezi m'caka ca 509 Kristu asanabadwe. Dzina la Brutus likumbukiridwe, pakuti libweranso.

KADUKA KA CASSIUS

Citsanzo caciwiri ndi sewero la Julius Caesar, la m'caka ca 1599, limene nkhani yace Shakespeare anaitenga m'zolemba za Plutarch. Caesar anaphedwa pa 15 March m'caka ca 44 Kristu asanabadwe, ndipo sewero lionetsa m'mene ciwembuco cinalukidwira.

Woyambitsa ndi Cassius. Pokopa Marcus Brutus, iye sacurukitsa za malamulo amene Caesar anaphwanya. Asimba za tsiku limene anasambira naye mu mtsinje wa Tiber, Caesar natopa mpaka kupempha cipulumutso, ndi za nthawi imene Caesar ananjenjemera ndi malungo ku Spain. Comupweteka Cassius ndi cakuti munthu wofanana naye, wa thupi lofooka, akulambiridwa ngati mulungu. Kaduka kotere kamera pakati pa anthu a msinkhu umodzi.

Brutus ndi munthu waulemu, wokonda Caesar, koma nayenso ali ndi womtsanzira. Cassius amkumbutsa za kholo lace lija limene linapitikitsa mafumu, ndiponso akonza makalata onyenga, olembedwa ngati acokera kwa anthu wamba, nawaponyetsa pa zenera la nyumba yace. Brutus akhulupirira kuti mzinda wonse ufuna zimene Cassius afuna. Brutus atalowa, enanso atsata. Ligarius, munthu wodwala, adzuka nalonjeza kutsata Brutus ngakhale asanauzidwe nchito imene akukacita. Cikwanira kwa iye ndi cakuti wotsogolera ndi Brutus.

KHAMU LITEMBENUKA

Brutus anaganiza kuti imfa ya munthu mmodzi idzakhala ngati nsembe yoyeretsa mzinda. Caesar atagwa, Brutus alankhula kwa anthu, ndipo iwo amuombera m'manja, wina mpaka kupfuula kuti Brutus yemweyo akhale Caesar watsopano. Kenaka aimirira Mark Antony. Aonetsa cobvala ca Caesar cobooledwa ndi mipeni, aonetsa mtembo, nawerenga kalata ya cuma ca masiye yolonjeza nzika iriyonse ndalama za madrakima 75. Khamu lomwe lija, pa bwalo lomwelo, litembenuka ndi kuthamangira kukatentha nyumba za Brutus ndi anzace.

Apa mpamene pali cigawo cacifupi koma coopsa koposa m'sewero lonse. Pa njira, khamu likumana ndi mlembi wa ndakatulo dzina lace Cinna, bwenzi la Caesar, akupita ku maliro. Mmodzi wa aciwembu nayenso anali Cinna. Munthuyo afotokoza kuti iye ndi wina, wosacimwa, koma anthu ayankha kuti afe ndithu, kaya cifukwa ca dzina, kaya cifukwa ca ndakatulo zace zoipa. Amkhadzula pomwepo. Palibe amene anafunsa umboni, pakuti aliyense anali kuonera dzanja la mnzace.

Mtendere sunabwere. Kunabuka nkhondo ya paciweni-weni, Brutus ndi Cassius anakangana okha-okha pa nkhani ya ndalama, ndipo onse awiri anafera ku Philippi m'caka ca 42 Kristu asanabadwe. Octavius, amene Caesar anamsankha kukhala mlowa-m'malo wace, anadzalamulira yekha ndi dzina la Augustus kuyambira m'caka ca 27 Kristu asanabadwe. Cimene anaphera munthu kuti aciletse ndico cinadza.

KODI KADUKA NDI YANKHO LONSE?

Akatswiri ena atsutsa Girard kuti afuna kutsegula zitseko zonse ndi kiyi imodzi. Mau ao ali ndi mutu. Caesar anali atalandira udindo wolamulira moyo wace wonse kuciyambi kwa caka cimene anaphedwa, tsono mantha a Brutus sanali opanda pace. Shakespeare mwini saweruza mlanduwo. Aonetsa dandaulo loona ndi kaduka zikuyendera pamodzi, kotero kuti ngakhale Brutus, munthu wanzeru, alephera kuzilekanitsa.

Pamenepo mpamene pagona phindu la zolemba zimenezi kwa munthu aliyense wokhala pa bwalo la milandu kapena pa msonkhano. Wobweretsa dandaulo afunsidwe cimene munthu winayo analakwa, pakuti Cassius anali ndi nkhani zambiri za kufooka kwa Caesar koma zocepa za milandu yace. Kalata yopanda dzina isakhulupiriridwe msanga. Ndipo pamene anthu onse aloza munthu mmodzi nthawi imodzi, pakhale wina wolimba mtima wofunsa umboni dzanja lisanakwezedwe. Cinna anacoka pa nyumba pace wopanda mdani, koma sanabwerere. Akulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.