Nkhanambo pa Makutu a Mphaka

Lero tikambirane za mphaka. Mphaka ndiye mlonda wa nkhokwe zathu. Koma nthawi zina makutu ake amachita nkhanambo, ubweya nkuthothoka, iye nkumangodzikanda. Tisafulumire kumpaka mankhwala. Tiyambe taona chimene chabweretsa nkhanambozo.

Choyamba ndi utitiri wa nkhuku. Yang'anani m'mphepete mwa khutu. Mukaona timadontho takuda tomatirira pakhungu, ndiwo utitiriwo. Pakanipo Vaseline pang'ono kuti ufe. Sesaninso khola la nkhuku ndi kutentha zinyalala zake, chifukwa utitiri umaswana m'fumbi la pansi.

Chachiwiri ndi mphere. Imadza ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaboola khungu. Imayambira kumakutu, kenaka imafika kumaso ndi m'khosi. Mphaka amayabwidwa kwambiri, ndipo amapatsira amphaka anzake.

Chachitatu ndi zipere. Ubweya umachoka mozungulira ngati ndalama yachitsulo. Apa tichenjere, chifukwa zipere za mphaka zimagwiranso ana athu. Mwana asagone naye pamphasa. Mukamgwira, sambani m'manja ndi sopo.

Chachinayi ndi dzuwa. Mphaka wa makutu oyera amapsa ndi dzuwa. Chilonda cha kunsonga kwa khutu chikakana kupola, chikhoza kukhala khansa ya pakhungu.

Nkhanambo zina ndi zilonda za ndewu, poti mphaka woyenda usiku amalumana ndi nyama zina. Ameneyu afunika katemera wa chiwewe, monga timachitira ndi agalu.

Tsopano mverani izi. Mphaka amadzinyambita thupi lonse, ndipo chimene mwampaka amachimeza. Tsono musampake oyilo wakuda wa galimoto kapena parafini. Musamsambitse dibi wa ng'ombe. Mankhwala ena a utitiri wa agalu, makamaka okhala ndi permethrin, amapha mphaka. Panado nayenso ndi poizoni kwa mphaka. M'bulu umodzi wokha ukhoza kumupha.

Nanga tichite chiyani? Tsukani khutulo ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono. Musamatule nkhanambo ndi zikhadabo. Ngati papita sabata imodzi osasintha, kapena ngati mphaka waleka kudya, pitani naye kwa alangizi a ziweto. Iwo ndiwo adziwa mankhwala oyenera mphere ndi oyenera zipere, pakuti ndi osiyana. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Mphaka wodwala sagwira makoswe, ndipo chimanga chimene tachivutikira chaka chonse chimathera m'nkhokwe momwemo. Madzulo ano, mukafika kunyumba, kamuyang'aneni makutu mphaka wanu.