NDANI AYANG'ANIRA BOMA LIKABWERA M'DZINA LA ANA?

 

Takhala tikuphunzira kuti m'boma la demokalase nduna, nyumba ya malamulo ndi makhoti zimayang'anirana, kuti wina asakule mphamvu kuposa lamulo. Lero titenge nkhani imodzi yeniyeni, ya kutali ku Australia, tione chimene chimachitika boma likakankhira pambali oliyang'anira ponena kuti nkhaniyo ndi yachangu. Ndasankha dala nkhani ya ana. Palibe munthu wamaganizo amene angakane kuti mwana atetezedwe, ndipo chifukwa cha ichi anthu amaopa kufunsa mafunso, kuopa kuti angatchedwe oikira kumbuyo ozunza ana.

Eni nthaka a Australia ndi Aaborijini. Adakhala m'dzikomo zaka zoposa 50,000 Angerezi asanafike mu 1788. Kumpoto ndi pakati pa dzikoli kuli chigawo chotchedwa Northern Territory. Kukula kwake kumaposa Malawi maulendo 11, koma anthu ake ndi pafupifupi 250,000 okha, ndipo mwa anthu khumi alionse pafupifupi atatu ndi Aaborijini. Ambiri amakhala m'midzi ing'onoing'ono, makilomita mazanamazana kuchokera ku Darwin kapena ku Alice Springs. Amayankhula zinenero zawo monga Warlpiri ndi Arrernte, ndipo kwa ambiri Chingerezi ndi chinenero chachiwiri kapena chachitatu. Chigawochi chili ndi boma lake laling'ono, koma malamulo oyendetsera dziko amalola nyumba ya malamulo ya ku Canberra kuchipangira malamulo mmene yafunira. Mfundo imeneyi muisunge.

Kuti mumvetse mantha a m'midziyi, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Kuyambira cha m'ma 1910, lamulo la chigawochi lidanena kuti kholo la mwana aliyense wa Chiaborijini pamaso pa lamulo ndi mkulu wa boma, amene udindo wake unkatchedwa Mtetezi Wamkulu. Mayi wobereka adalibe mawu. Apolisi ankafika ndi galimoto, kutenga ana, makamaka oyererako khungu, ndi kukawasiya m'nyumba zolerera ana. Zina mwa nyumbazi zidali za boma, zina za mipingo, ndipo izi tisazibise. Lipoti la 1997 lotchedwa Bringing Them Home, limene adatsogolera a Ronald Wilson ndi a Mick Dodson, lidapeza kuti pakati pa 1910 ndi 1970 m'dziko lonse, mwa ana khumi alionse adalandidwa osachepera mmodzi, mwinanso atatu. Onse ochita zimenezi ankati akuthandiza mwana. Panalibe wowafunsa. Nduna yaikulu Kevin Rudd idapepesa m'nyumba ya malamulo pa 13 Febuluwale 2008.

Tsopano tifike pa nkhani yathu. Mu Meyi 2006 loya wa boma woimba anthu milandu ku Alice Springs, mayi Nanette Rogers, adafotokoza pa wailesi ya kanema milandu yoopsa ya ana ogwiriridwa m'midzi. Dziko lidagwedezeka. Boma la chigawo lidatuma anthu awiri kukafufuza: a Rex Wild, loya wamkulu, ndi mayi Patricia Anderson, amene ndi Mwaborijini wodziwa za umoyo. Awiriwa adayenda midzi 45, kukhala pansi ndi kumvera anthu. Lipoti lawo, Little Children Are Sacred, kutanthauza kuti tiana ndi topatulika, lidatuluka pa 15 Juni 2007.

Lipotili silidabise kanthu. Lidati nkhanza kwa ana zilipodi, ndi zambiri, ndipo kawirikawiri sizinenedwa. Lidaloza gwero lake: mowa, umphawi, ulova, ana osapita kusukulu, ndi nyumba zothithikana momwe mabanja angapo amagona pansi pa denga limodzi. Lidatinso ozunza ana si amuna a Chiaborijini okha. Ena ndi anthu obwera. Lidapereka malangizo 97. Langizo loyamba penipeni lidapempha maboma onse awiri kuti pokonza chithandizo akambirane moona mtima ndi eni midzi.

Patangopita masiku asanu ndi limodzi, pa 21 Juni, nduna yaikulu John Howard ndi nduna yoona za eni nthaka Mal Brough adalengeza kuti m'chigawomo mwagwa ngozi ya dziko lonse. Eni midzi sadafunsidwe. Olemba lipoti aja sadafunsidwenso. Chisankho chidali pafupi, mu Novembala chaka chomwecho.

Tamvani zimene zidagwera midzi 73. Mowa ndi zithunzi zolaula zidaletsedwa, ndipo pakhomo la mudzi uliwonse padakhomedwa chikwangwani chachikulu cholengeza zimenezi, ngati kuti onse okhalamo ndi zidakwa ndi achiwerewere. Theka la ndalama za chithandizo zimene boma limapereka lidatsekeredwa, kuti ligwiritsidwe ntchito pa zofunika zokha monga chakudya ndi zovala za m'masitolo ovomerezeka. Lamuloli lidagwira aliyense: agogo olera bwino adzukulu, wosamwa mowa, ngakhale wopanda mwana. Mu 2008 kudabwera khadi lotchedwa BasicsCard logulira zinthuzo. Boma lidatenga malo a midzi mokakamiza kwa zaka zisanu, ndi kuika mamanenjala ake m'midzimo. Asilikali pafupifupi 600 adatumizidwa kukathandiza kunyamula anthu ndi katundu. Poyamba zidalengezedwanso kuti mwana aliyense apimidwa thupi mokakamiza, koma madokotala atadandaula boma lidabwerera m'mbuyo ndi kunena kuti kholo lizivomera kaye. Ku Mutitjulu, pafupi ndi thanthwe la Uluru, kudamveka kuti amayi ena adathawira kutchire ndi ana awo. Kodi tingawanene? Agogo awo adaziona kale galimoto za boma.

Apa mpamene pagona phunziro lathu. Tiyeni tione oyang'anira boma mmodzimmodzi.

Aphungu adalandira mabilu a masamba pafupifupi 500 pa 7 Ogasiti 2007, ndipo nyumba yoyamba idawavomereza tsiku lomwelo. Komiti ya nyumba yachiwiri, ya Senate, idamva maganizo a anthu tsiku limodzi lokha. Chipani chotsutsa cha Labor chidavomera. Ndani akanafuna kuoneka ngati akutsutsa kuteteza ana chisankho chili pakhomo?

Australia ili ndi lamulo la 1975 loletsa kusankhana mitundu. Malamulo atsopanowa adanena poyera kuti lamulo limeneli liyamba laima pa nkhaniyi. Taganizani bwino. Boma likanakhala lotsimikiza kuti zochita zake si tsankho, likanaimitsiranji lamulo loletsa tsankho? Ndiponso munthu wotsekeredwa ndalama adalandidwa njira ya apilo ku bwalo loima palokha, njira imene nzika zina zonse zidali nayo. Bungwe losankhidwa ndi eni nthaka, la ATSIC, limene likadayankhula, lidali litathetsedwa kale mu 2005. Anthu a ku Maningrida adapita ku khoti lalikulu koposa kukadandaula za malo awo, koma mu 2009 adagonja. Woweruza mmodzi yekha, a Michael Kirby, ndiye adaima nawo.

Ndisakunamizeni kuti zonse zidali zoipa, kapena kuti Aaborijini onse adakana. Amayi ena otchuka, monga Bess Price ndi Marcia Langton, adachirikiza ntchitoyi. Amayi ambiri m'midzi adati khadi lija likuwateteza kwa abale olanda ndalama kukamwera. Midzi 18 imene idalibe polisi idalandira polisi. Ana oposa 10,000 adapimidwa, ndipo ambiri adapezeka ndi matenda a makutu, mano ndi khungu, ngakhale kuti chithandizo chotsatira chidachedwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amayiwa adali atalira zaka zambiri popanda wowamva. Koma ine ndikuti izi zikutsimikiza mfundo yomweyo: m'midzimo mudali anthu odziwa vuto ndi ofuna kulithetsa. Boma likanawafunsa, likanapeza anzake ogwira nawo ntchito.

Boma la Labor litalowa lidatuma gulu lotsogozedwa ndi a Peter Yu kukaunika. Mu Okotobala 2008 gululi lidati chithandizo chipitirire, koma ubale wa boma ndi eni midzi wasweka. Lidapempha kuti lamulo loletsa tsankho libwezedwe, ndi kuti kutsekera ndalama kukhale kwa ofuna okha kapena kwa amene alepheradi kusamala ana. Nduna Jenny Macklin idakana kuchotsa kukakamizako. Mu Julayi 2009 anthu a ku Ampilatwatja adasamuka m'mudzi mwawo kukamanga misasa kunja kwa malire a malo otengedwa ndi boma, podandaula kuti zonyansa za m'zimbudzi zikusefukira pamene boma ndilo lidadzitengera udindo wosamala mudziwo. Mwezi wotsatira nthumwi ya United Nations, a James Anaya, idayendera dzikolo ndi kunena kuti mbali zina za ntchitoyi ndi tsankho. Lamulo la 1975 lidabwezedwa kumapeto kwa 2010, koma ziletso zambiri zidapitirira pansi pa dzina latsopano, Stronger Futures, kuyambira 2012 mpaka 2022.

Nanga ana aja? Mu 2010 kafukufuku wina adapeza kuti ofesi yoteteza ana m'chigawomo yalemedwa, antchito ndi ochepa, ndipo madandaulo ambiri akungounjikana osafufuzidwa. Adapereka malangizo enanso 147.

Chimene chidachitika ku Don Dale, ndende ya ana ya ku Darwin, chikutiphunzitsa mbali ina. Pafupifupi ana onse otsekeredwa m'chigawochi ndi Aaborijini, ambiri ochokera kumidzi, ndipo ambiri adadutsapo kale m'manja mwa ofesi yoteteza ana. Mu Ogasiti 2014 oyang'anira ndende adapopera utsi wokhetsa misozi anyamata asanu ndi mmodzi, ambiri a iwo ali otsekeredwa m'zipinda zawo. Nthawi imeneyo woyang'anira adalipo: chigawo chidali ndi Kamishinala wa Ana kuyambira 2008. Ofesiyi idafufuza ndi kutulutsa lipoti mu 2015. Lipoti lidalembedwa, lidaperekedwa, koma akuluakulu sadatekeseke. Zinthu zidagwedezeka pa 25 Julayi 2016, pamene pulogalamu ya Four Corners pa wailesi ya kanema ya ABC idaonetsa zithunzizo, kuphatikizapo mnyamata womangidwa pampando atavekedwa chisaka kumutu m'ndende ina. M'mawa mwake nduna yaikulu Malcolm Turnbull idalengeza kafukufuku wamkulu. Mwaona? Woyang'anira wopanda womumvera ali ngati mlonda woimba wenzulo m'mudzi wa ogontha.

Woweruza woyamba kusankhidwa adatula pansi udindo patangopita masiku ochepa, Aaborijini atadandaula kuti sadafunsidwe. Ntchito idapita kwa mayi Margaret White ndi a Mick Gooda, amene ndi Mwaborijini. Mu Novembala 2017 adapereka malangizo 227. Adati Don Dale itsekedwe, mabanja athandizidwe vuto lisanakule, mabungwe a eni midzi apatsidwe mphamvu, ndipo msinkhu woimbira mwana mlandu ukwere kuchoka pa zaka 10 kufika pa 12. Mu 2020 khoti lalikulu koposa lidagamula kuti utsi uja udapoperedwa mosemphana ndi lamulo. Ana adachotsedwa ku Don Dale kumapeto kwa 2024, patapita zaka zisanu ndi ziwiri. Msinkhu uja udakwezedwa mu 2023, koma boma latsopano la chigawo lidaubwezera pa zaka 10 mu Okotobala 2024.

Werengani nane: malangizo 97, kenaka 147, kenaka 227. Ofufuza sadasowe. Chosowa chidali munthu wa mphamvu yobwerera chaka ndi chaka kukafunsa nduna kuti, langizo lakuti lafika pati? Lamulo m'zigawo zonse za Australia limanena kuti mwana wa Chiaborijini akachotsedwa kwa makolo, ayambe wafuniridwa malo kwa achibale, kenaka kwa anthu a mtundu wake, mlendo akhale womalizira. Bungwe la eni nthaka la SNAICC, limene lidayamba mu 1981, lakhala likudandaula kuti lamuloli silitsatidwa mokwanira. Mu 2020 maboma adasainirana pangano ndi mabungwe a Aaborijini kuti pofika 2031 achepetse ndi 45 pa 100 kuchuluka kwa ana awo oleredwa kunja kwa mabanja. Malipoti a boma lomwelo akhala akuonetsa kuti chiwerengero chikukwera m'malo motsika. Mwana wa Chiaborijini ali pa chiopsezo chochotsedwa pakhomo pafupifupi kakhumi kuposa mwana wina.

Mu Okotobala 2023 anthu a ku Australia adakana pa riferendamu kuti eni nthaka akhale ndi bungwe lolangiza nyumba ya malamulo lolembedwa m'malamulo oyendetsera dziko. Mu Januwale 2025 boma lidatsegula ofesi ya Kamishinala wa dziko lonse woona za ana a eni nthaka, ndipo chaka chomwecho udindowu udapatsidwa kwa mayi Sue-Anne Hunter, Mwaborijini amene adagwirapo ntchito yosamala ana ndi mabanja.

A wapampando, nthawi yanga yatha. Tikagawikana m'magulu, tikambirane funso ili: mukadakhala phungu pa 7 Ogasiti 2007, masamba 500 ali m'manja, atolankhani ali pakhomo, mukadapempha chiyani musanakweze dzanja?