Manja Oyera Paulendo: Zoona Zake za Sanitayiza Wopanga Pakhomo



Lero tikambirana za manja a munthu amene ali paulendo. Pakhomo nkhani siivuta kwenikweni: mpondagiya ali pafupi ndi chimbudzi, kasopo kali pomwepo. Koma ife a m'malire sitikhalitsa pakhomo. Lero muli pamsika wa Lizulu ndi matumba a mbatata ya kachewere, mawa mwakwera chapa kupita ku Ulónguè, mkuja muli kumaliro kwa achibale ku Dedza. M'njira monsemo mwagwira ndalama, makwacha ndi mametikali omwe, mwagwira chitseko cha galimoto, mwapatsana moni wa m'manja ndi anthu osawerengeka, mwina mwalowanso m'chimbudzi cha pamsika chopanda madzi. Njala ikaluma mumagula mandasi kapena tchipisi cha pachiwaya n'kudya ndi manja omwewo.

Matenda otsekula m'mimba amadutsa njira imeneyi, kuchoka kuchimbudzi kupita m'manja, kuchoka m'manja kupita m'kamwa. Ndipo sasonyeza pasipoti pamalire. Kolera amene anabuka ku Malawi mu Marichi 2022 anapha anthu oposa 1,700. Kuno ku Mozambique anaonekera m'boma la Lago ku Niassa mu Seputembala chaka chomwecho, ndipo atadutsa namondwe Freddy mu Marichi 2023 anakula kwambiri ku Quelimane.

Kuyambira nthawi ya Covid-19, mu 2020, ambiri tinadziwa timabotolo ta mankhwala opaka m'manja, amene ena amati sanitayiza, ena álcool gel. Kabotoloko kamalowa m'thumba la malaya ndipo sikafuna madzi. Vuto ndi mtengo wake, komanso kumidzi sikapezeka. N'chifukwa chake anthu amafunsa ngati angathe kupanga okha. Yankho lake ndi lakuti inde, n'zotheka, koma pali mfundo imodzi imene simungailumphe. Chimene chimapha tizilombo mu sanitayiza ndi álcool, ndipo álcoolyo ayenera kukhala wosachepera 60 peresenti. Akachepera pamenepo mwangonyowetsa manja, tizilombo tatsala.

Tiyambe ndi funso limene ambiri mwa inu muli nalo kale m'mutu, la kachasu. Ayi ndithu, kachasu si sanitayiza. Mphamvu ya kachasu imasiyana malinga ndi wotcheza, ndipo ngakhale mumphika umodzi, woyamba kudontha safanana ndi womaliza. Pakhomo palibe chopimira mphamvuyo. Ena amati mukamuyatsa ndi machesi n'kuyaka ndiye kuti wakwana. Si zoona, chifukwa mowa umatha kuyaka usanafike pa 60. Nayonso jini ndi mowa wina waukali wa m'mabotolo umakhala pa 40 kapena kupitirira pang'ono, ndipo zalembedwa pabotolo pomwepo. Mukathirako madzi kapena mafuta onunkhira ndiye mwaufooketseratu. Madzi a mandimu, viniga, mchere, masamba a nimu, alovera ndi pafyumu, zonsezi musazidalire pa ntchito imeneyi. Zina mwa izo zimachotsa fungo, koma fungo ndi tizilombo n'zosiyana.

Chofunika kugula ndi álcool wa kufamasi, ndipo musanapereke ndalama werengani chizindikiro cha pabotolo. Pakhale mawu akuti álcool etílico, pakhalenso nambala, kawirikawiri 70 kapena 96. Ngati simutha kuwerenga, pemphani wogulitsayo kapena mwana wasukulu akuwerengereni, palibe chochititsa manyazi. Sipiriti wopimidwa m'mabotolo akale pamsika, wopanda dzina ndi nambala, musiyeni pomwepo ngakhale atatchipa bwanji. Musiyenso sipiriti woyatsira moto, wa mtundu wa pepo uja, ndi aliyense wolembedwa kuti metanol. Metanol ndi poizoni. Amalowa m'thupi ngakhale kudzera pakhungu, ndipo munthu akamwa amachita khungu kapena kumwalira.

Ngati mwapeza wa 70, ntchito yatha kale. Musathiremo madzi ngakhale pang'ono, chifukwa kuchoka pa 70 kufika pa 60 si patali. Chimene mungawonjezere ndi giliserini, yemwe uja amayi amasakaniza ndi mafuta odzola: supuni yaing'ono ya tiyi imodzi mu mamililita 250 a álcool. Ntchito ya giliserini ndi kuteteza khungu kuti lisaume n'kuyamba kung'aluka. Sapha tizilombo, ndipo mukachulutsa manja amanata n'kumatola fumbi.

Wa 96 ndiye amafuna madzi pang'ono. Izi zimadabwitsa anthu, koma álcool amapha bwino tizilombo akakhala ndi timadzi, komanso wopanda madzi amauma msanga asanamalize ntchito. Muyeso wake ndi uwu, ndipo ndiunena kawiri kuti amene muli ndi cholembera mulembe: miyeso isanu ya álcool, muyeso umodzi wa madzi. Isanu ya álcool, umodzi wa madzi. Choyezera chikhale chimodzi chomwecho, kaya ndi kakapu ka mankhwala a ana kaya chivindikiro. Madziwo akhale owiritsa ndi ozizira. Mukatero mwapeza sanitayiza wa 80 peresenti. Mwachitsanzo, mamililita 250 a álcool amafuna mamililita 50 a madzi ndi supuni yaing'ono imodzi ya giliserini. Tsekani botolo, khutchumulani pang'ono, basi. Musayeze ndi maso, ndipo musamvere mtima umene umati onjezerako madzi kuti achuluke. Dzanja limene limasungunula mkaka wogulitsa lisafike pano.

Muyeso umenewu sitinaupeke ife. Ukuchokera ku malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse, limene kuno timalitcha OMS. Pa lita imodzi iwo amati mamililita 833 a álcool wa 96, mamililita 42 a água oxigenada ya 3 peresenti, imene kufamasi imalembedwa kuti 10 volumes, mamililita 15 a giliserini, kenaka madzi owiritsa ozizira mpaka lita ikwane. Água oxigenada ntchito yake ndi kupha tizilombo touma mutu timene tingakhale m'botolo kapena m'zosakanizazo, n'chifukwa chake amati mukasakaniza mudikire maola 72, masiku atatu, musanagwiritse ntchito. Koma dziwani kuti malangizowa anawalembera mafamasi ndi zipatala, kumene kuli zoyezera zenizeni. Ngati komiti ya zaumoyo, mpingo kapena sukulu ikufuna kupanga wambiri, ikambirane kaye ndi a kuchipatala chapafupi kapena ndi APE wa m'dera lanu.

Pali chinthu chimodzi chimene musathiremo zivute zitani: javel, jiki, kapena mankhwala a m'madzi akumwa monga Certeza ndi WaterGuard. Mankhwala amenewa akasakanikirana ndi álcool amatulutsa zinthu zoipa zowononga maso ndi chifuwa. Certeza ntchito yake ndi ya mumtsuko wa madzi akumwa, pamuyeso wolembedwa pabotolo lake.

Tsono kagwiritsidwe ntchito. Ambiri amadonthetsa kadontho kamodzi, n'kupukutira pa thalauzi, n'kumati ayera. Thirani wokwanira kunyowetsa manja onse awiri. Pakani m'kati, kuseri, m'mipata ya zala, zala zazikulu ndi kunsonga kumene kuli zikhadabo. Tikitani mpaka manja aume okha, masekondi 20 mpaka 30. Akauma musanawerenge kufika 20 ndiye kuti munathira wochepa.

Apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pamene anthu amadzinamiza. Sanitayiza sachotsa litsiro. Manja amene ali ndi matope, mafuta a njinga, mamba a nsomba, magazi a nyama, kapena amene angosintha mwana thewera, álcool sawayeretsa, chifukwa tizilombo timabisala pansi pa litsirolo. Sagonjetsa mazira a njoka za m'mimba, ndipo pali tizilombo tina totsekula m'mimba timene sitimumva. Inu alimi a tomato, kabichi, mbatata ndi fodya, mukachoka kopopera mankhwala kudimba, sanitayiza sachotsa mankhwalawo m'manja. Pamenepo pafunika sopo ndi madzi ambiri. Ndiye taganizani bwino tsiku la munthu wa kuno, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Nthawi zambiri manja athu amakhala ndi litsiro looneka ndi maso.

N'chifukwa chake kwa mabanja ambiri ife tikuona kuti chinthu chabwino chonyamula paulendo ndi botolo la madzi a sopo. N'chotchipa, sichiyaka moto, ndipo zopangira zake zili pa kantini iliyonse. Tengani botolo la pulasitiki la lita imodzi ndi theka, litsukeni, thiranimo magalamu 30 a sopo wa ufa wochapira zovala, amene ndi masupuni akulu atatu kapena anayi. Dzazani madzi oyera n'kukhutchumula mpaka ufa usungunuke. Njira imeneyi inayesedwa ku Bangladesh ndipo anapeza kuti madzi otere amachotsa tizilombo m'manja mofanana ndi sopo wamtanda. Lita ndi theka ndi wa pabenchi la malonda kapena wa kudimba. Wa paulendo, botolo la theka la lita limafuna supuni yaikulu imodzi yodzaza bwino.

Sungani zivindikiro ziwiri. Chimodzi muboole kabowo ndi msomali wotentha kuti madzi azituluka pang'onopang'ono, chinacho chikhale chosaboola chotsekera poyenda kuti asatayikire mu katundu. Nyamulaninso botolo lachiwiri la madzi okhaokha otsukuluzira, chifukwa thovu ndi limene limatola litsiro, koma madzi ndi amene amalichotsa. Mukatikita bwino masekondi osachepera 20, mnzanu akuthirireni, kenaka gwedezani manja aume ndi mphepo. Kupukutira pa chitenje chimene mwakhalira tsiku lonse m'chapa ndi kubwezera zimene mwachotsa. Ngati sopo wa ufa akukuumitsani khungu, dulani kachidutswa ka sopo wamtanda muike m'kajumbo, kagwira ntchito yomweyo. Sopo akasoweratu, mungagwiritse ntchito phulusa loyera lozizira la pamoto wa lero ndi madzi.

Inu a kabaza ndi a njinga zamoto, mabotolo awiriwa amakwana bwino pa kaliyala. Inu amayi ogulitsa mandasi ndi zitumbuwa, ikani botolo pambali pa beseni kuti wogula asambe, ndipo potola malondawo gwiritsani foloko kapena kamtengo, dzanja logwira ndalama lisagwire chakudya. Kumaliro ndi kuukwati, tikudziwa kuti n'kovuta kukana beseni limene lazungulira kuchokera kwa akuluakulu. Koma womaliza kusamba m'beseni lija amasamba litsiro la anthu onse. Palibe mwano kupempha mwaulemu kuti madzi azithiridwa ndi jagi, beseni likhale pansi lolandirira. Amfumu ndi akulu a mpingo akayamba okha kutero, ena onse amatsatira popanda mkangano.

Tibwerere kwa amene mwapanga sanitayiza, chifukwa kasungidwe kake kali ndi ngozi ziwiri. Yoyamba ndi moto. Álcool amayaka msanga ndipo masana lawi lake silioneka bwino. Musasakanize pafupi ndi mbaula, koloboyi, kandulo kapena munthu wosuta fodya. Mukapaka m'manja, dikirani aume musanayandikire moto kapena kukhwatcha machesi. Botolo likhale lotseka kwambiri ndiponso pamthunzi, chifukwa likakhala lotsekula álcool amauluka n'kutsala madzi amene inu muziyesa mankhwala.

Yachiwiri ndi ana. Sanitayiza wopanga pakhomo amaoneka ngati madzi akumwa. Mukamuika m'botolo la Frozy kapena la madzi osalembapo kanthu, mwana waludzu adzamwa. Chotsani chipepala chakale, lembani ndi zilembo zazikulu kuti OSAMWA, mangani kansalu kofiira pakhosi pa botolo chifukwa cha amene sawerenga, ndipo sungani pamwamba. Botolo la madzi a sopo nalonso mulembe. Mwana wamng'ono azipakidwa ndi munthu wamkulu, ndipo asaike zala m'kamwa kapena m'maso manja asanaume.

Zikachitika kuti mwana wamwa, musamusanzitse. Álcool amatsitsa shuga m'thupi la mwana, choncho ngati ali maso ndipo akutha kumeza, mpatseni madzi a shuga pang'ono muli m'njira yopita kuchipatala. Ngati akuodzera kapena wakomoka, musamumwetse kanthu, mgonekeni chammbali ndipo fulumirani. Tengani botololo kuti adokotala akaone chimene wamwa. Akagwera m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15. Pitani kuchipatala chimene chili pafupi ndi pamene muli, musadikire kuti mukafike kaye kwanu.