Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Msonkhano wa Ofufuza za Kakhalidwe ka Anthu

 

Alipo anzathu ena pa ntchito ya kafukufuku amene amati nkhani ya eni chuma ndi owagwirira ntchito inatha ndi Karl Marx ndi mafakitale a ku Ulaya. Amati kuno kwathu tiziyang'ana za jenda, za mitundu ndi za zigawo, poti tonse ndife alimi ang'onoang'ono. Ine maganizo amenewa sindigwirizana nawo.

Lowani m'mudzi mwezi wa Disembala, nthawi yopalira. Mupeza mayi walawirira ndi khasu paphewa, koma sakupita kumunda kwake. Akukapalira mizere ya mnzake kuti madzulo abwere ndi kambale ka ufa, mwina gaga. Kwake udzu ukungokula. Akamati akapalire, chimanga chachita kale chikasu. Adzakolola zochepa, nkhokwe idzatha mvula isanagwe, ndipo chaka chamawa adzapezekanso paganyu pomwepo. Mwini munda uja wapalira nthawi yabwino, feteleza wathira kawiri, zotsala adzagulitsa mu Febuluwale mitengo itakwera, mwinanso kwa mayi yemweyo. Nanga pafomu yathu ya kafukufuku timawalemba bwanji awiriwa? M'bokosi limodzi: mlimi wamng'ono.

Ofesi yoona za chiwerengero ya NSO ku Zomba inapeza pa kafukufuku wa 2019/2020 kuti pafupifupi anthu 51 mwa 100 aliwonse m'dziko muno anali osauka. Nambala imeneyi ndi yofunika, koma imangotiuza amene ali nazo zochepa. Siitiuza kuti ndani akulimira ndani.

Funso limeneli si lachilendo kuno. Thangata wa m'maesiteti a atsamunda ndi chimodzi mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915, ndipo Landeg White analemba bwino za Magomero m'buku lake la 1987. Titalandira ufulu, lamulo la mbewu zapadera linapereka ulimi wa fodya wa bale kwa eni maesiteti okha. Mabanja ankachoka ku Thyolo ndi ku Mulanje kukakhala matenanti ku Kasungu ndi ku Mchinji, kudya chimanga cha ngongole chodzadulidwa pogulitsa fodya. Utenanti unathetsedwa m'malamulo mu 2021. Ana a matenanti aja ali kuti lero, ndipo ana a eni maesiteti ali kuti? Ameneyo ndi kafukufuku woyenera mmodzi mwa ophunzira amene mwakhala kumbuyoko.

Sukulu nayo siibisa. Pulayimale inakhala yaulere mu 1994, inde, koma mwana wa ku CDSS yopanda labotale amalemba mayeso a MSCE omwewo ndi mnzake wolankhula Chingerezi patebulo la chakudya kunyumba. Pierre Bourdieu anaonetsa ku France kuti makolo sasiyira ana ndalama zokha: amawasiyiranso kalankhulidwe, kusaopa ofesi, ndi anthu owadziwa.

Dandaulo langa kwa inu ndi ili. Osauka tawafunsa mafunso mpaka atopa nafe. Amadziwa kale kuti tifunsa ngati denga ndi la udzu kapena la malata, ndi kuti adya kangati dzulo. Ku Mtandire timalowa mosavuta. Koma ndi angati mwa ife anagogodapo pageti ku Area 47, kumene anthu a ku Mtandire omwewo amalondera usiku ndi kuchapa masana, n'kufunsa bwana kuti mlonda amam'patsa zingati, malo anawapeza bwanji, ana ake akuphunzira kuti? Mageti amenewo ndi ovuta, ndikudziwa, pakuti ena mwa iwo ndi athu omwe tili muno. Ndikupempha kuti m'zokambirana zanu mugwirizane njira yofikira kumeneko, ndipo amene amapereka ndalama za kafukufuku amve kuti mbali imeneyi ikufunikanso thandizo.

Ndi mawu amenewa, a Wapampando, ndikulengeza kuti msonkhano uno watsegulidwa.