Tulo ndi Masewera a Atsikana Athu pa Tchuthi

 Nkhani yanga ndi ya atsikana athu a kumudzi ndi m'mene amakhalira pa tchuthi chachitali cha mwezi wa Ogasiti.

Kuyambira 1994, pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale, atsikana ambiri analowa sukulu. Komabe amene amafika Fomu 4 kuchokera m'midzi ya ku Nsaru, Kabudula, Nambuma, Mpingu ndi Namitete ndi ochepa. Zifukwa timazidziwa: umphawi, mimba ndi maukwati. Ine ndiwonjezerepo chimodzi chimene sitichitchula kawirikawiri, ndicho kutopa.

Taganizirani tsiku la mtsikana pa tchuthi. Tambala woyamba akalira iye wadzuka kukagwira mzere ku mjigo. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo amaisenza kangapo dzuwa lisanakwere. Akatero asese, atsuke mbale, apite kudimba kukathirira, kenaka kunkhuni kapena kuchigayo. Nazale ya fodya ikafesedwa, kuthirira ndi m'mawa ndi madzulo. Iye ndiye womaliza kugona, pakuti mbale za usiku zikudikira. Mlongo wake wamwamuna nthawi yonseyi ali ku mpira.

Akatswiri a zaumoyo amati mwana wa zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse. Tulo si ulesi ayi. Munthu akagona tulo tofa nato, thupi limatulutsa michere yokulitsa, ndipo ubongo umasunga bwino zimene waphunzira masana. Komanso mwana akatha msinkhu tulo timachedwa kumugwira usiku. Ndi chilengedwe, si mwano. Tsono akagona 10 koloko nadzuka 4 koloko, wagona maola 6 okha. Onjezanipo udzudzu m'gowelo mopanda neti, ndi foni imene ena amagona nayo m'manja.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2020 kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 60 pa tsiku. Wina anganene kuti atsikana athu amapitirira pamenepo. Zoonadi, thukuta amakhetsa. Koma kusenza ndowa ndi kusewera ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ntchito yolemetsa imapweteka khosi ndi msana, pamene masewera amatakasa thupi lonse, amachotsa nkhawa, ndiponso amaphunzitsa mwana kudzidalira ndi kugwirizana ndi anzake. Amayi amene muli muno mukukumbukira fulaye, phada, jingo ndi chitelera cha pamwezi. Kodi ana athu ali nayo nthawi imeneyo?

Tisaiwale kuti mpira wamanja ndiwo watchukitsa Malawi kunja. Mary Waya ndi Mwawi Kumwenda ndi ana a dziko lomwe lino, ndipo Mwawi anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney mu 2015. M'mera mpoyamba. Mtsikana amene sanagwirepo mpira sitingadziwe luso lake.

Ndili ndi mapempho atatu. Loyamba ndi la kunyumba kwathu. Ambirife ndife amalume ndi azakhali, ndipo mawu athu amamveka kumudzi. Tikapita tikanene kuti anyamata nawonso azitunga madzi. Njinga ilipo, zigubu zilipo. Mtsikana azigona nthawi yabwino, m'neti, ndipo masana azikhala ndi maola awiri akeake, limodzi la mabuku, lina la masewera.

Lachiwiri ndi la bungwe lathu. Pa zopereka za chaka chino tipatule ndalama zogulira mipira ndi mapolo a mpira wamanja, tipereke ku masukulu a pulayimale amene amatumiza ana kuno.

Lachitatu, tikambirane ndi mafumu, mipingo ndi magulu a amayi a m'masukulu kuti pa tchuthi chikubwerachi pakhale mpikisano wa atsikana, wochitika masana ndi kutha dzuwa lisanalowe, kuti makolo asade nkhawa.

Sukulu ikamatsekulidwa mu Seputembala, mtsikana azibwera atapuma, osati kudzayamba kuwodzera m'kalasi. Ngati tigwirizana, A Wapampando, ndikupempha kuti tisankhe komiti ya anthu asanu tisanabalalike lero.